Mipando Panja Chifukwa cha Mphaka

Ine ndine munthu wolankhula. Sindikunena monyada, ndikungonena zimene aliyense wa pa Rufunsa angakuuzeni musanamufunse n'komwe. Chichokereni ku Lusaka, pamene boma linandiponya kuno kuti ndizigwira ntchito ya m'ofesi, anthu anazolowera kuti mawu a ba Langson amafika pamsika mwini wake akadali pakhomo kumanga zingwe za nsapato. Kutchalitchi ndimaimba besi, ndipo wotsogolera kwaya anandiimika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, akuti mawu ena azitulukira panja. Kunyumba wailesi ndinkaitsegula ndikangodzuka, ndipo ikamalankhula ndinkaiyankha. Ikanena za feteleza ndinkaitsutsa, ikanena za mpira ndinkaiphunzitsa.

Mkazi wanga Namwiinga anapirira zimenezi zaka zambiri. Iye ndi munthu wa mawu ochepa, woti akafuna kunena chinthu amayamba wachitembenuzatembenuza mumtima, ndiye pamene akutsegula pakamwa amapeza ine ndamumalizira kale, kawirikawiri molakwika. Mnzake weniweni m'nyumbamo anali mphaka wake, wamkazi, wotuwa, wa kaphazi kamodzi koyera. Anamutenga ali kamwana kwa mkulu wake Juliet ku Mpanshya, chaka chimene Namwiinga anapita padera kachiwiri, ndipo anamutcha Prudence. Kuno mphaka ndi wogwira makoswe m'nkhokwe, sapatsidwa dzina. Wathuyu anali ndi dzina, mbale yakeyake, komanso bulangete limene ine ndinkaliyesa langa.

Tsiku limene Namwiinga anachoka sitinakangane n'komwe, ndipo n'chimene chinandisokoneza. M'mawa tikumwa tiyi anayamba kundiuza kanthu, ine n'kumudula kuti ndimve zigoli za dzulo lake, kenako n'kuiwala kumufunsa kuti amati chiyani. Pobwera kuntchito ndinapeza chikwama chili pakhomo. Anati akupita kwa Juliet kukapumitsa makutu, ndipo sakudziwa ngati makutuwo adzafunenso kubwerera. Prudence anamusiya chifukwa analibe dengu lomunyamulira pa minibasi. Anati adzabwera Lamlungu la sabata inayo kudzamutenga, pamodzi ndi mashini ake osokera.

"Muzimupatsa chabe vakudya, ba Langson," anatero akunyamula chikwama. "Musamulalikire."

Ndinalankhula zambiri pomuperekeza kumsewu, zina zanzeru ndithu, koma minibasi inabwera ndisanafike pa mfundo. Pobwerera ndinaima pakhomo n'kuyang'ana mashini osokera aja ali pakona, atafunditsidwa kansalu. Ndinadziwa kuti mashini amenewo akatuluka m'nyumba muno, ukwati watuluka nawo, ndipo ndinachita mantha.

M'mawa mwake ba Dorcas, oyandikana nawo nyumba, amenenso ndi mkulu wa amayi kutchalitchi kwathu, anandifunsa kuti mnzawo ali kuti. Mwamuna wamkulu ngati ine sakanena pampanda kuti mkazi wathawa phokoso. Ndinati wapita ku Mpanshya, m'thupi simuli bwino. Kuno ukati Mpanshya anthu amamva chipatala, ndipo ine ndinawasiya amve choncho. Ba Dorcas anagwira pachifuwa n'kulonjeza kuti amayi amuika m'mapemphero.

Prudence anasiya kudya tsiku lomwelo. Analowa kunsi kwa sofa wamkulu, pamene nsalu inang'ambika, n'kukhala m'mimba mwa mpandowo. Ndinamuitana ndi dzina, ndinaomba m'manja, ndinagwada n'kumufotokozera kuti kapenta amene ndamuikira m'mbale ndi nsomba yabwino, yochokera ku Siavonga. Ndinamuimbira ngakhale nyimbo ya kwaya. Ndinamugulira soseji imene ine ndemwe ndimadya pa Khirisimasi pokha, koma inangouma m'mbale mpaka nyerere zinabwera kudzathokoza. Ndikamuunika ndi tochi ndinkaona maso awiri okha, ndipo tsiku lina atatuluka kukamwa madzi ndinaona kuti nthiti zayamba kuonekera ndipo pamimba wadzinyambita mpaka ubweya kusosoka.

Pamenepo nkhani yanga inaima poyera. Namwiinga akadzapeza mphaka wake ali mafupa okhaokha, sipadzakhala chokambirana. Koma akadzamupeza wonenepa, wokhazikika, mwina adzati mwamuna wotha kusunga mphaka angathe kumvedwanso kamodzi. Sanali maganizo apamwamba, koma ndi okhawo amene ndinali nawo.

Kuofesi ndinatseka chitseko n'kufunsa foni. Ndinkayembekezera kuti indiuza za timipira ta mabelu ndi zidole zolira, zinthu zimene ndikanazikwanitsa bwino. Inandiuza zosiyana. Inati mphaka wamantha safuna zomusangalatsa zaphokoso, amafuna zomuchititsa chidwi mwakachetechete: katoni yobisalamo yokhala ndi zibowo ziwiri kuti asadzione ngati wotsekeredwa, malo okwera pawindo oti azionera mbalame, chakudya chobisa pang'onopang'ono m'thireyi ya mazira kuti azichitola ndi phazi, mtengo wonolerapo zikhadabo, ndi nsalu yonunkhira munthu amene amamukonda. Zonsezi ndinagwedezera mutu. Kenako inati mwini nyumba azikhala chapafupi, osalankhula, osamuyang'anitsitsa, osamuitana, mpaka mphakayo atabwera yekha. Ndinafufuza ngati pali njira ina ya anthu olankhula, koma panalibe.

Ndinayamba ndi zosavuta. Ndinapempha makatoni m'mashopu a pamsika, a sopo, a mafuta ophikira, a mabisiketi, n'kuwaboola ndi mpeni. Wailesi ndinaizimitsa n'kuiika pamwamba pa wadiropu kuti isandiyese, ndipo kabokosi kamene inabweramo ndinakaboolanso n'kukaponya pakona, ngakhale ndinkaona kuti n'kakang'ono kwambiri. M'katoni yaikulu ndinayalamo chitenje cha Namwiinga. Munthu wina wa ngolo ndinamupempha kachidutswa ka mtengo konolera zikhadabo, koma iye pofuna kundikomera mtima anabweretsa chipika chathunthu, chimene sichikanalowa pachitseko, n'kuchigwetsa pakati pa bwalo. Ba Evaristo, mkulu wa mtundu wa Asoli, eni dera lino, amene munda wake umagundana ndi mpanda wa nyumba za boma, ndinawafotokozera zonsezi Lachinayi madzulo, kuyambira pachiyambi, iwo akungoti ehe, ehe, uku akumanga mbuzi.

Vuto linali mipando. Masofa anga ndinawagula ku Lusaka, ndipo ndinakana kuwachotsa pulasitiki kuti asathe msanga, moti munthu ukakhalapo amalira. Akalira, Prudence ankalowa mkati kwambiri. Ndinaonanso kuti malinga ngati sofa wamkuluyo ali m'nyumba, makatoni anga sawayang'ana n'komwe. Ndiye Loweruka m'mawa, kutatsala tsiku limodzi kuti Namwiinga abwere, ndinatukula sofayo, mphaka n'kuthawira kuseri kwa makatoni, ine n'kukokera mipando yonse panja, ndi tebulo lomwe. Pabalaza ndinayala mphasa. Pawindo loyang'ana kumtengo wa mango ndinaika kampando, makatani ena onse n'kutseka. Ndinabisa kapenta m'thireyi ya mazira, ndinazimitsa foni, n'kutuluka.

Ndinakhala pa sofa pansi pa mango, pomwe mphaka akanandiona pawindo. Ndinaweramitsa mutu kuti ndisamuyang'anitsitse. Maso anga anali ofiira ndi kutupa, chifukwa ubweya wa mphaka umandiyetsemulitsa, ndipo sabata yonseyo ndinali nditakwawa nawo pansi.

Ndinabadwira ku Matero, mu Lusaka, ine. Maliro ndapita osawerengeka, ndipo ndi manja angawa ndatulutsapo mipando ya anthu. Ndimadziwa ngati wina aliyense kuti kwathu kuno masofa amatuluka panja pa zifukwa ziwiri, kusamuka kapena imfa, kuti amayi amakhala m'nyumba pamphasa, amuna panja mozungulira chipika. Koma m'mawa umenewo m'mutu mwanga munali mphaka yekhayekha.

Woyamba kufika anali ba Evaristo. Ankapita kumunda, khasu paphewa, ndipo ataona bwalo langa anaima. Anatsamiritsa khasu kumpanda, anavula chipewa, n'kubwera pang'onopang'ono. Anandipatsa moni wa manja awiri osanena kanthu, n'kukhala pambali panga mosamala kwambiri moti pulasitiki sinalire. Moni unali utafika kale pamilomo panga, koma ndinaumeza. Ndinaika chala pakamwa n'kuloza kunyumba. Iwo anagwedeza mutu n'kuusa moyo. Ndinati mumtima, taonani mkuluyu, Lachinayi lija ndimayesa sakumva, chonsecho anasunga zonse.

Kenako anabwera ba Phinias, dalaivala wa kuntchito kwathu, amene amakhala nyumba yachitatu kuchokera panga. Nawonso moni wa manja awiri, n'kukhala. Anabwera mphunzitsi wina, anabwera wogulitsa makala, anabwera anthu ena amene ndinkangowadziwa nkhope. Aliyense ankafika, kundigwira dzanja, kupeza pokhala, n'kuyang'ana pansi. Mipando itadzaza ena anakhala pa njerwa. Popeza inali nyengo yozizira, wina anatola tinkhuni n'kuyamba kusonkha moto m'mbali mwa chipika chija, ine n'kuona kuti ndi ulemu.

Musandifunse kuti ndinkaganiza chiyani, chifukwa ndikuuzani. Ndinkaganiza kuti ba Evaristo afalitsa nkhani ya Prudence, ndipo anthu a pa Rufunsa abwera kudzathandiza munthu wa ku Lusaka pa ntchito yake ya sayansi. Mtima unanditupa. Ndinayamba kukonza m'mutu mmene ndidzawauzire anzanga a m'tauni, amene amatiseka kuti tili kutchire, kuti kuno amuna athunthu amasiya minda kudzakhalira chete mphaka. Kusalankhula kunkandiwawa ngati chithupsa, koma poona khamu lonselo likupirira nane ndinalimba.

Ndipo zinayamba kugwira ntchito, n'chimene chimandipweteka mpaka lero. Dzuwa litakwera, katani inagwedezeka. Ndinaona ndi ngodya ya diso Prudence akukwera pakampando kaja. Anakhala, anakulunga mchira kumapazi, n'kuyamba kutsatira ndi maso timba amene ankadumphadumpha mu mango. Makutu ake, amene sabata yonse anali ogona, anaimirira. Patapita nthawi anatsika, ndipo m'bata la amuna onsewo ndinamva thireyi ya mazira ikukhwekhwereza pasimenti. Ankadya. Misozi inanditsika yeniyeni, ndipo ba Phinias anandigwira phewa n'kundinong'oneza kuti ndilimbe mtima. Ndinawagwira dzanja mothokoza.

Kulira kunayambira kumsewu. Kunali kwa amayi ambiri, kokweza, kobwera chakuno. Anachedwa chifukwa anayamba asonkhana kwa ba Dorcas, kumanga mipango ndi kusonkhetsa ufa ndi ndiwo. Ine, chitsiru cha Mulungu, ndinamva chisoni n'kumadzifunsa kuti kodi watisiya ndani, komanso ndinadandaula kuti adutsa pafupi ndi mphaka wanga. Sanadutse. Anakhotera pageti langa, ba Dorcas patsogolo, manja kumutu, akutchula dzina la Namwiinga.

Pamenepo m'pamene maso anga anatseguka. Ndinaona masofa, ndinaona chipika chikufuka, ndinaona amuna zipewa zili m'manja, ndinakumbukira mkazi amene ndinamudwalitsa ndekha ndi pakamwa panga n'kumugoneka ku Mpanshya. Walira mvula walira matope. Ine ndinalira bata, ndipo linabwera ndi eni ake.

Amayi analowa m'nyumba n'kudzigwetsa pamphasa, pakati pa makatoni, kulira kukukwera mpaka malata kunjenjemera. Ndinadzambatuka n'kukuwa kuti sanamwalire, ali moyo, zonsezi ndi za mphaka. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga mawu anga anagonja. Amuna anandigwira, wina mkono uwu wina uwo, n'kundikhazika pansi mwamphamvu. Ba Evaristo anawauza kuti asandipweteke, chisoni chimatero, munthu amakhala duu kenako mutu umasokonekera.

"Ni pusi!" ndinakuwa, kunena mphaka uja. "Nachita ivi chifukwa cha pusi!"

"Tiziba, ba Langson," anatero ba Phinias mofatsa, akundisisita msana. "Anali kumukonda maningi. Tizamusunga."

Chimene sindinkadziwa n'chakuti m'mawa, ba Dorcas atangoona mipando, analemba pagulu la amayi a kutchalitchi la pafoni kuti kwa ba Langson kwagwa maliro, mipando ili panja. Sanatchule womwalira, chifukwa kwa iwo zinali zodziwikiratu. Namwiinga anali adakali pagulupo. Anawerenga ali kwa Juliet, anaimba foni yanga n'kupeza yozima. M'nyumba mwathu timakhala anthu awiri, ndipo iye ankadziwa kuti iye mwini ali moyo.

Minibasi inaima kumsewu ine ndikulimbana ndi ondigwira. Ndinamva kulira kwina, kwa munthu mmodzi, kosiyana ndi kwa m'nyumba kuja. Namwiinga analowa pageti akuthamanga, patapata mmodzi kuphazi wina m'manja, mpango utagwa, Juliet akumutsatira m'mbuyo. Ankaitana dzina langa lokhalokha, popanda ba, mmene ankandiitanira tisanakwatirane.

Manja onse anandisiya nthawi imodzi. Ba Phinias anabwerera chafutambuyo n'kugwera kuseri kwa sofa, miyendo m'mwamba. Ba Evaristo anavala chipewa, n'kuchivulanso. Mayi wina amene anali pakhomo anasuzumira panja, anakuwa kamodzi, ndipo kulira kwa m'nyumba kunaduka. Ndinamva chitseko chakumbuyo chikumenyetseka ndi mapazi akuthawira kumapesi.

Namwiinga anaima patsogolo panga akupuma mwabefu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anatambasula dzanja n'kundigwira tsaya, ndipo ataona kuti ndi lofunda anandimenya ndi patapata pachifuwa.

"Simunafe?"

"Iyai."

"Nanga mipando?"

"Ni Prudence."

Nkhope yake inasinthanso. "Wafa?"

"Iyai. Anali kudya."

Amayi anabwerera mmodzimmodzi, ena akumugwira Namwiinga mkono kuti atsimikize. Ndinaimirira pakati pa bwalo n'kufotokoza, ndipo aka kanali koyamba kuti ndifotokoze chinthu mwachidule. Ndinanena za makatoni, za pulasitiki, za chipika chonolera zikhadabo. Nditamaliza wogulitsa makala anayamba kuseka, ena n'kutsatira, ena ayi. Amayi angapo anakwiya kwambiri, ndipo sindikuwaimba mlandu, chifukwa misozi yawo inali yeniyeni ndipo ena anasiya nyemba pamoto. Ba Evaristo anayamba azimitsa moto uja ndi dothi, kenako anabwera pafupi nane.

"Mwana wanga," anatero, "mipando siiotha dzuwa."

Ndinafuna kuwayankha kuti nawonso akanafunsa, kuti safunsa anadya phula. Koma pabwalo lonselo wodya phula lambiri ndinali ine, ndiye ndinangopepesa.

Ba Dorcas, akupukuta m'maso, anamufunsa Namwiinga kuti nanga matenda aja ali bwanji, madokotala anena zotani. Ndinayang'ana pansi. Namwiinga anatembenuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti wamvetsa bodza langa lonse, ndi chifukwa chake chomwe. Akanatha kundivula pamaso pa Rufunsa yense.

"Nili bwinoko manje, ba Dorcas," anatero. "Zikomo pa mapemphero."

Anthu anatola ufa wawo ndi makabichi awo n'kumapita. Amuna anati atithandize kulowetsa mipando, koma Namwiinga anati aisiye kaye. Juliet, amene sanandilankhule liwu limodzi, anapita ndi ba Dorcas kukamwa tiyi. Titatsala awiri, Namwiinga anafunsa kuti Prudence ali kuti.

Pawindo panalibe. M'katoni ya chitenje munalibe, ndipo katoniyo inali yophwanyika, wina ataikhalira. Tinayang'ana kuchipinda, kukhitchini, kuseri kwa wadiropu. Chitseko chakumbuyo chinali chotsegula kuyambira pamene amayi anathawa. Tinazungulira mpanda, tinasuzumira m'mimba mwa sofa, tinalowa m'mapesi a ba Evaristo, Namwiinga akuitana ndi kamawu kake kotsika, ine ndikutsatira m'mbuyo ngati wakuba amene wagwidwa kale. Kuseri kwa mapesiwo kuli tchire, ndipo agalu a kuno mphaka samusiya. Nditayang'ana nkhope ya mkazi wanga ndinadziwa kuti ndamaliza zonse, mphaka ndi ukwati womwe.

Tinabwerera pabalaza dzuwa litapendeka. Namwiinga anakhala pamphasa n'kuyang'ana uku ndi uku. Anaona makatoni oboola, kampando ka pawindo, chitenje chake. Anakoka thireyi ya mazira n'kuona kuti mbali imodzi kapenta watha. Anafunsa ngati zonsezi ndinachita ndekha, ndipo ndinavomera ndi mutu.

Mawu ndinali nawo, musaganize kuti anatha. Anali atandidzaza mpaka pakhosi. Ndinkafuna kunena kuti wolakwa ndi ba Dorcas polemba asanafunse, kuti wa ngolo ndiye anabweretsa chipika, kuti njira yanga inali itagwira ntchito ndipo umboni ndi thireyiyo. Koma ndinakumbukira zimene ndinawerenga, kuti wobisala satuluka ukamamuitana. Sindinkakhulupiriranso kuti mphaka ali m'nyumbamo. Ndinangosowa china chochita, ndiye ndinatsamira khoma, ndinatambasula miyendo, n'kutseka pakamwa.

Tinakhala choncho nthawi yaitali. Kunja timba anabwereranso mu mango. Kenako Namwiinga anayamba kulankhula, maso ali pamphasa.

"Tsiku lija pa tiyi," anatero, "ninali kufuna kukuuzani kuti uja mwana wathu woyamba, sembe chaka chino ayamba sukulu. Ninaona bana ba yunifomu pa msewu. Ninali kufuna chabe kuti mumvere."

Zinandilasa, ndipo ndinachita manyazi amene sindinawachitepo ngakhale pamene bwalo lonse linkandiseka. Pakamwa panga panatseguka pokha kuti ndimuuze kuti Mulungu ali ndi nthawi yake, mawu amene ndinkamutsekera nawo nthawi zonse. Ndinapatsekanso. Iye anadikira kuti ndimudule, ndipo ataona kuti sindikumudula anapitiriza. Ananena za masana aatali a pa Rufunsa ine ndili kuntchito, za anzake amene anawasiya ku Lusaka, za mmene amayi a kutchalitchi amasiyira nkhani za ana iye akafika. Nthawi zina ankaima pakati pa mawu kufunafuna liwu, ine ndikulidziwa liwulo, kapena ndikuganiza kuti ndikulidziwa, ndipo likabwera linkakhala lina. Sindinkadziwa kuti mkazi wanga ali ndi mawu ochuluka chotero.

Akulankhula, kabokosi ka wailesi kaja kanagwedezeka pakona. Tonse tinakaona. Pachibowo panatuluka kaphazi koyera, kenako mutu, kenako mphaka yense, mopanikizika, moti sindidziwa kuti analowamo bwanji. Anali mmenemo nthawi yonse ya maliro. Namwiinga anagwira pakamwa koma sanamuitane. Prudence anadziongola, ananunkhiza zala za mbuye wake, anadzikhuza pabondo pake, n'kupita pathireyi. Anapisa phazi m'kabowo, anatulutsa kapenta mmodzi, anadya, n'kupisanso. Atakhuta ananyambita m'kamwa, anayenda pang'onopang'ono kudutsa mphasa, n'kudzagona motsamira mwendo wanga. Mphuno inayamba kundiyabwa, ndipo ndinaitsina mpaka misozi.

Namwiinga anatiyang'ana awirife.

"Mu minibasi ninalira kuchoka pa Mpanshya mpaka pano," anatero. "Njira yonse ninali kuganiza kuti manje nyumba izankhala zii. Ninali kuifuna zii, ba Langson. Koma osati ija."

Sindinayankhe.

"Simukamba kanthu?"

Ndinaloza mphaka amene anali atatseka maso pamwendo wanga. Namwiinga anaseka, misozi ikutsika, n'kupukuta ndi chitenje chija. Kenako anati mawa m'mawa ndilowetse mipando anthu asanapite kutchalitchi, ndiichotse pulasitiki, ndikatero ndiperekeze Juliet ku Mpanshya ndikabwere ndi chikwama chake. Za mashini osokera sananene kanthu, ndipo ali pakona pomwe paja mpaka lero.

Anaimirira n'kufunsa komwe ndinabisa wailesi. Ndinaloza kuchipinda. Anabwera nayo, anaiika pansi pakati pathu, n'kuitsegula motsitsa kwambiri, akuti oyandikana nawo adziwe kuti muno tili moyo. Prudence anagwedeza khutu limodzi koma sanadzuke. Inali nthawi ya zamasewera, ndipo wolankhulayo ananena bodza la mpira loonekeratu, loti ngakhale mwana angalitsutse. Namwiinga anandiyang'ana. Ndinalisiya lidutse.